Miyala ya DMT Dia-Sharp ponolera mitu ya mivi yosakira nyama

Miyala yonolera ya dayamondi imene kampani ya DMT imapanga ku Marlborough, m'chigawo cha Massachusetts ku America, imadziwika kwambiri pakati pa akalipentala ndi anthu osamala mipeni yawo, koma pano ndikuiweruza pa ntchito imodzi yokha, yomwe ndi kunola mitu ya mivi yosakira nyama zikuluzikulu, ija imatchedwa broadhead. Maganizo anga ndi akuti mtundu wa Dia-Sharp ndi woyenera ntchitoyi, ndipo chimene chimauyenereza kuposa zonse ndi chakuti pamwamba pa mwalawo pamakhala thyathyathya kwa moyo wake wonse, osakumbika chigwa pakati monga imachitira miyala yamadzi, ija yonolera imene imayamba yaviikidwa m'madzi, ndi ina yofewa. Komabe mwalawu sumaliza ntchito wokha, ndipo ilipo mitu ina imene munthu angangotayirapo nthawi akamayesa kuinola pamenepo ndi manja okha.

Kuti chiweruzochi chimveke, tiyenera kukumbukira mmene muvi umaphera. Chipolopolo chimaphwanya mnofu ndi mphamvu ya liwiro lake, pamene muvi ulibe mphamvu yotero ndipo umadalira kudula basi. Umapha potsegula mitsempha ya magazi ndi mapapo, kotero kuti nyama imataya magazi mofulumira n'kugwa. Tsono mitsempha ya magazi ndi yotanuka ndiponso yoterera, moti mpeni wobuntha ukaikhudza imatha kungotembenukira pambali, kapena imang'ambika mosalongosoka, ndipo bala long'ambika limaundana magazi msanga kusiyana ndi bala lodulidwa mosalala. Zotsatira zake mlenje aliyense amazidziwa: magazi ochepa pansi, mtunda wautali wolondola, ndiponso nyama imene imazunzika nthawi yaitali kapena kutayika kumene. Tiwonjezere kuti mutu wa muvi usanafike pa mapapo umayamba wadutsa pa ubweya, umene nthawi zambiri umakhala ndi fumbi kapena matope, kenako chikopa, mwinanso nthiti, ndiye kukamwa kwake kuyenera kukhala kwakuthwa komanso kolimba mokwanira kuti kukhale kukanadula pambuyo pa zonsezi. Mitu yambiri yachitsulo chimodzi imatuluka m'paketi isanafike pamenepo, ndipo mutu uliwonse umene waponyedwa pa chandamale poyeserera, ngakhale chandamale chofewa, uyenera kunoledwanso usanapite kutchire.

Dia-Sharp ndi chitsulo cholemera chathyathyathya chimene pamwamba pake anamatapo timiyala ta dayamondi togwidwa ndi chitsulo chotchedwa nickel. Timiyalati ndi ta mtundu umene kalikonse ndi kanthu kamodzi kathunthu, kosagawikagawika msanga, ndipo n'chifukwa chake mwalawo umadya chitsulo mofanana kwa nthawi yaitali. Ukulu umene ndikuuona woyenera mivi ndi wa mainchesi 8 m'litali ndi mainchesi 3 m'lifupi, kutanthauza pafupifupi masentimita 20 ndi masentimita 7.6, ndipo kuchindikala kwake ndi pafupifupi sentimita imodzi. Kukhakhala kwake kumadziwika ndi zilembo komanso nambala, ndipo nambala ikamakula mwala umakhala wosalala kwambiri. D8X ndi wa 220, D8C ndi wa 325, D8F ndi wa 600, D8E ndi wa 1200, ndipo D8EE, wosalala kuposa yonse, ndi wa 8000. Poyeza ukulu wa timiyalato pa muyeso wa micron, womwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, wa 325 uli ndi timiyala ta ma micron 45, wa 600 ta ma micron 25, wa 1200 ta ma micron 9, ndipo wa 8000 ta ma micron 3. Mwalawu umagwira ntchito wouma kapena wothiridwa madzi pang'ono, sufuna mafuta, ndipo sufuna kuviikidwa m'madzi musanayambe.

Pali kusiyana kumodzi kumene wogula ayenera kukuonetsetsa, chifukwa kampani yomweyi imapanganso miyala ina imene pamwamba pake pali timabowo tozungulira tambirimbiri. Timabowoto timathandiza kusunga zinyenyeswa za chitsulo ponola mipeni yaitali, koma nsonga ya muvi imakodwamo, ndipo ikakodwa imatha kupindika kapena kubenthuka panthawi yomwe mumafuna kuikonza. Dia-Sharp ilibe timabowo. Dayamondi anayalidwa paliponse mosadukiza. Pa ntchito ya zida zansonga, umenewu ndiye mtundu woti mugule.

Pamene mwalawu umaonetsa ubwino wake wonse ndi pa mitu ya mipeni itatu yosachotseka, monga G5 Montec, Woodsman, Snuffer ndi ina ya kampani ya VPA. Mitu imeneyi inapangidwa kuti izinoledwa poigoneka pa chinthu chathyathyathya, mipeni iwiri ikukhudza mwala nthawi imodzi. Mlenje safunika kuganiza za kupendekeka kwa dzanja lake, pakuti mutuwo umadziikira wokha ngodya yoyenera. Mipeni itatu imatalikirana madigiri 120, choncho iwiri ikagona pamwala, uliwonse umapendekeka madigiri 30, ndipo poti mpeni uliwonse umadyeka mbali zonse ziwiri pamene mukutembenuza mutuwo, kukamwa kwake kumatha kuli pa madigiri 60. Zonsezi zimatheka pokhapokha mwala uli wathyathyathya ndithu. Pa mwala wokumbika pakati, mpeni wowongoka umakhudza kunsonga ndi kumbuyo kokha, pakati pake n'kumalendewera osakhudza kanthu, ndipo munthu amatha kunola mpaka kutopa akudabwa kuti chigawo chapakati sichikusintha. Ndiponso mwala wokumbika m'lifupi umakulitsa ngodya ija, kukamwa n'kukhala kobulungira m'malo mokhala kwakuthwa.

Kanoledwe kake kamafuna kufotokoza bwino chifukwa anthu ambiri amalephera pa zinthu zazing'ono. Choyamba, mutuwo uikeni pa kachidutswa ka muvi wothyoka kuti mukhale ndi chogwirira, chifukwa mipeni iwiri ikagona pamwala wachitatu umaloza kumwamba, pamalo penipeni pamene chala chimafuna kukanikiza, ndipo ukayamba kuthwa sukhululuka. Zala zikhale m'mbali mwa thunthu la mutuwo kapena pa chogwiriracho. Kenako pakani inki yakuda ya cholembera chosafufutika kukamwa kwa mipeni yonse, mbali zonse zisanu ndi imodzi. Mukakhwekhwereza mutuwo pamwala kangapo n'kuutembenuza, inkiyo imakuuzani zoona: pamene yachoka ndi pamene mwala wakhudza, ndipo pamene yatsala ndi pamene chitsulo chili chotsika. Pa mutu watsopano kawirikawiri mumapeza timizere ta inki totsalira pakati pa mpeni kapena kufupi ndi kumbuyo, ndipo ntchito ya mwala wa 325 ndi kudya chitsulo mpaka timizereto titatha kotheratu, kuchokera kunsonga mpaka kumapeto. Apa m'pamene pamapita nthawi yambiri, ndipo amene athamangira ku mwala wosalala inki isanathe amangowalitsa mutu wobuntha.

Inki ikatha, zotsalazo n'zopepuka. Mbali iliyonse ilandire chiwerengero chofanana cha mikwekwe, kenako muzichepetsa chiwerengerocho ndi mphamvu yomwe, mpaka pomaliza muzikhwekhwereza kamodzi n'kutembenuza, kamodzi n'kutembenuza, mutuwo ukungoyenda ndi kulemera kwake kokha. Ena amakankha nsonga patsogolo, ena amakoka chobwerera, ena amayendetsa cham'mbali, ndipo sindikuona kuti njira imodzi ndi yokhayo yolondola, bola mphamvu igawike mofanana pa mipeni iwiri ija ndipo isaunjikane kunsonga. M'lifupi mwa mainchesi 3 mumathandiza pamenepa, chifukwa mitu yambiri imakhala pakati pa inchi imodzi ndi inchi imodzi ndi theka m'lifupi, ndiye imayenda momasuka osagwera m'mphepete, ndipo mutha kusinthasintha malo kuti mwala usamadyeke njira imodzi. Mwala wa mainchesi 6 m'litali ndi 2 m'lifupi umagwiranso ntchito, koma mutu wautali ngati Woodsman umatha mtunda wake msanga.

Chimene mwalawu sungasinthe ndi ngodya ya madigiri 60 ija. Kukamwa kotero n'kokhuthala poyerekeza ndi kwa mpeni wosendera nyama, ndipo kumeta nako tsitsi la pamkono kumavutirapo ngakhale kutanoledwa bwino. Ena amakhumudwa n'kumada mwala, pamene nkhani ili pa kapangidwe ka mutu. Kukamwa kokhuthalako kuli ndi phindu lake, pakuti sikupindika msanga kukagunda fupa, ndipo kukasalazidwa bwino kumadula mokwanira. Amene akufuna ngodya yocheperapo pa mutu wa mipeni itatu ayenera kunolera pa chinthu chotukuka pakati pa mipeni iwiriyo, ndipo imeneyo si ntchito ya mwala wathyathyathya.

Pa mitu ya mipeni iwiri yonoledwa mbali zonse, monga Zwickey Eskimo kapena Magnus Stinger, nkhani imasintha. Mutu wotero sudziikira ngodya, ndipo thunthu lake lotukuka pakati limatchinga dzanja kuti lisatsike momwe lingafunire. Mpeniwo ndi waufupi, chogwirira n'chochepa, ndiye dzanja limagwedezeka pang'ono pa mkwekwe uliwonse, ndipo mapeto ake kukamwa kumabulungira. Alipo anthu amene manja awo anazolowera ndipo amachita bwino popanda chothandizira, koma ambiri amafunika chida chogwira mutuwo pa ngodya imodzi. Chida cha kampani ya KME, chomwe chimapana mpeni n'kumayenda pamwala ndi kagudumu, chimagwirizana bwino ndi Dia-Sharp, chifukwa nacho chimadalira kuti pansi pakhale pathyathyathya. Pali njira inanso, ya kampani ya Lansky, imene imapana mutu ndi kuyendetsa timiyala take tating'ono pa ndodo zolowa m'mabowo a madigiri 17, 20, 25 ndi 30, koma imeneyo ili ndi miyala yakeyake ndipo wogula iyo safunikira kwenikweni mwala waukuluwu pa mitu ya mipeni iwiri. Choncho amene ali ndi mitu yotereyi yokha adziwe kuti kugula Dia-Sharp ndi theka chabe la zimene adzafune.

Kaya munthu agwiritse ntchito chida chotani, chizindikiro chakuti mbali imodzi yanoledwa mokwanira n'chimodzimodzi. Mwala ukadya chitsulo mpaka kufika kumapeto kwenikweni kwa kukamwa, kamlomo kopyapyala kachitsulo kamapindikira ku mbali inayo. Kamlomoka sikaoneka bwino ndi maso, koma kamamveka mukasisita chala pang'onopang'ono kuchokera kumsana kwa mpeni kupita kukamwa, osati motsatira kukamwako, ndipo kamakoka ulusi wa thonje mukapukutapo. Kayenera kumveka mpeni wonse, kuchokera kunsonga mpaka kumbuyo, musanatembenuze. Dayamondi imatulutsa kamlomoka mofulumira, ndipo pa chitsulo chofewa imatulutsa kakakulu kuposa mmene mungafunire mukamakanikiza kwambiri. Kamlomoka n'konyenga, chifukwa kamatha kumeta tsitsi ndithu, munthu n'kuganiza kuti watsiriza, koma kakangokhudza ubweya wa nyama kamapindika kapena kuthothoka, n'kusiya kukamwa kobuntha.

Mitu yonoledwa mbali imodzi yokha ndiyo inandikhutiritsa kwambiri pa mwalawu. Mitu imeneyi inatchuka makamaka chifukwa cha kafukufuku wa Dr. Ed Ashby, amene anayamba kuyesa kalowedwe ka mivi m'thupi la nyama ku Natal, ku South Africa, m'zaka za m'ma 1980, napitiriza pambuyo pake pa njati za ku Australia. Iye anapeza kuti mutu wosemedwa mbali imodzi umazungulira pamene ukulowa, ndipo kuzungulirako kumathandiza kung'alula fupa lolimba m'malo mongokakamira m'menemo. Ngodya imene imagwiritsidwa ntchito kawirikawiri pa mitu yotereyi ndi ya madigiri 25 kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo poti chitsulo chake chimakhala chochindikala, mbali yosemedwayo imakhala yotakata moti dzanja limaimva ikakhazikika pamwala. Mumaigoneka, mumanola mpaka kamlomo kaoneke kumbuyo, kenako mumagoneka kumbuyo kwa mpeniwo thyathyathya pa mwala wosalala n'kukoka mopepuka kuti kamlomoko kachoke. Kumbuyoko sikuyenera kupendeketsedwa mwadala, chifukwa mukatero mwayamba kupanga mbali yachiwiri imene mutuwo sunapangidwire. Apanso kuthyathyathya kwa mwala ndiko kumachita ntchito, pakuti kumbuyo kwa mpeni kukasisitidwa pa mwala wokumbika kumabulungira m'mphepete.

Mitu yambiri ya masiku ano ya mtundu umenewu imapangidwa ndi chitsulo chouma kwambiri. Ya kampani ya Iron Will, mwachitsanzo, ndi ya chitsulo cha A2 choumitsidwa kufika pafupifupi 60 pa muyeso wa Rockwell woyezera kuuma kwa chitsulo, ndipo chitsulo chouma chotero mukachisisita ndi tupa, mano ake amangoterereka osaluma. Miyala yachilengedwe ya ku Arkansas imachidya pang'onopang'ono mpaka munthu kutaya mtima. Dayamondi sisamala za kuuma kumeneku, ndipo mlenje amene wasankha mitu yamtengo wapatali yotereyi, yoti aigwiritse ntchito zaka zambiri, ndi amene angapindule kwambiri ndi Dia-Sharp. Pa mitu yakale ya chitsulo chofewa, kuyamba ndi tupa kumakhalabe kwanzeru, makamaka pamene mutu wagunda mwala n'kubenthuka kwambiri. Kuchotsa chitsulo chochuluka chofewa pa dayamondi mokanikiza kumazula timiyala tija m'nickel, ndiye ndi bwino kuwongola chilema chachikulu ndi tupa n'kubwera pamwala pomalizira.

Zimenezi zikutifikitsa pa khalidwe la mwalawu limene wogula watsopano ayenera kuliyembekezera. Miyala yonse ya dayamondi imakhala yaukali ikakhala yatsopano, chifukwa timiyala tina timatumphuka kuposa tinzake, ndipo timasiya mikwingwirima yakuya kuposa mmene nambala yake imanenera. Pakapita nthawi timiyala totumphukato timathothoka kapena kufanana ndi tinzake, mwala n'kuyamba kumveka wofatsa. Ambiri amaganiza kuti watha, pamene kwenikweni wangofika pa khalidwe lake lokhazikika. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mwala watsopano wa 1200 uyambe wanolera zinthu zina, monga kumbuyo kwa chisemelo kapena mpeni wamba, usanakhulupiriridwe kumalizira mutu wa muvi. Chimene chimafupikitsa moyo wake ndi kukanikiza, makamaka ndi nsonga, pakuti mphamvu yonse ya dzanja imathera pa kadontho kakang'ono. Kasamalidwe kake n'kosavuta: kutsuka ndi madzi ndi kaburashi kolimbirako kuti zinyenyeswa zakuda zichoke, kenako kupukuta mpaka uume. Kupukutako si kongokongoletsa ayi. Pansi pa dayamondi pali chitsulo, ndipo zinyenyeswa zotsalira pamwamba zikagona ndi madzi zimachita dzimbiri n'kuthimbiriritsa mwala.

Pali mkangano wakale pakati pa alenje pa nkhani ya pamene kunola kuyenera kulekezera. Fred Bear, mlenje komanso wopanga mauta wa ku America, amene anatulutsa mutu wake wotchuka wa Razorhead mu 1956, ankanola ndi tupa, ndipo mpaka lero alipo ambiri okhulupirira kuti kukamwa kokhala ndi timano tosaoneka kumagwira mtsempha bwino. Ashby amalimbikitsa kukamwa kosalala konoledwa pamwala n'kupukutidwa pa chikopa, ponena kuti kumadula mosang'amba ndipo bala lake silifulumira kuundana. Ine ndili kumbali ya kukamwa kosalala, ndipo chifukwa changa china n'chakuti timano tija timakoka ubweya ndi mafuta pamene mutu ukulowa. Amene akugwirizana ndi maganizo amenewa adziwe kuti ngakhale mwala wa 1200 umasiya kamlomo kakang'ono, ndipo chimene chimakachotsa bwino ndi chikopa chomatidwa pa thabwa lathyathyathya, chopakidwa phala lobiriwira la chromium oxide. Pa chikopa mutu umakokedwa chobwerera nthawi zonse, kukamwa kukutsalira m'mbuyo, mopepuka kwambiri, chifukwa chikopa n'chofewa ndipo mukakanikiza chimakwera m'mbali mwa mpeni n'kubulungiza zomwe mwavutikira pamwala. Katoni yolimba yopakidwa phala lomwelo imagwiranso ntchito, ndipo pa mitu ya mipeni itatu imaposa chikopa chochindikala chifukwa sinyutuka. Nanga mwala wa 8000 uja? Ndi wabwino, koma pa mivi sindikuona kuti ndi wofunika kwenikweni, popeza chikopa chimachita ntchito yomweyo pa mtengo wochepa kwambiri.

Kuyesa ngati mutu wathwa kuli ndi njira zingapo, ndipo kumeta tsitsi la pamkono, komwe ambiri amakonda, kumanyenga pa chifukwa chomwe ndatchula kale. Njira yoyamba imene ndimaikhulupirira ndi ya kuwala: lozetsani kukamwa kwa mpeni kumaso kwanu pansi pa nyale yowala, ndipo ngati mukuona kamzere kapena kadontho konyezimira, pamenepo ndi pobuntha, chifukwa kukamwa kwakuthwa kulibe malo oti kuwala kunyezimirepo. Njira yachiwiri ndi ya timalamba ta labala tokungidwa pang'ono pa kafelemu, totsanzira mitsempha ya magazi. Mutu wakuthwa ukakankhidwa pakati pake mosakakamiza umadula kalamba kalikonse kamene wakhudza, pamene wobuntha umangotikankhira pambali n'kudutsa. Kuyesa kumeneku kukachitika pambuyo popukuta pa chikopa, kumakuuzani za kukamwa kwenikweni, osati za kamlomo.

Pa mitu ya mipeni yosinthasintha ndi ija yotseguka ikagunda nyama sindichedwapo. Mipeni yake ndi yopyapyala, kawirikawiri yosafika milimita imodzi, ndipo inapangidwa kuti izichotsedwa n'kuikapo ina. Itha kunoledwa pa Dia-Sharp ikapanidwa m'chida chogwirira, koma kuigwira ndi zala n'kuika moyo wa zalazo pachiswe popanda phindu lenileni. Amene amasaka ndi mitu yotereyi yokha alibe chifukwa chogulira mwalawu.

Poyerekeza ndi njira zina, mpikisano weniweni wa Dia-Sharp ndi sandipepala womatidwa pa galasi lochindikala kapena pa thailosi yosalala. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo, ndi yathyathyathya, ndipo imafika pa kusalala kulikonse kumene munthu angafune. Kuipa kwake n'kwakuti pepala limatha msanga, limang'ambika nsonga ikalowamo, ndipo likakhala losamatika bwino limafutukuka patsogolo pa mpeni n'kubulungiza kukamwa. Kwa munthu amene amanola mitu itatu kapena inayi pa chaka, sandipepala ndi wokwanira, ndipo sindingamukakamize kuwononga ndalama. Miyala yamadzi imanola mokoma koma ndi yofewa, ndipo mutu wa mipeni itatu umaikumba ngalande ziwiri m'kanthawi kochepa. Zida zonolera zimene mumakokamo mpeni pakati pa mano olimba a carbide zimapala chitsulo mwankhanza, n'kusiya kukamwa kong'ambikang'ambika, ndipo malo ake ndi m'thumba ngati chopulumukira basi. Mtengo wa miyala ya DMT ndi wokwera poyerekeza ndi miyala ya dayamondi yopyapyala imene yadzaza pamsika, ndipo chimene munthu akulipira ndi chitsulo chochindikala chosapindika ndiponso kufanana kwa timiyala take. Mwala wopyapyala womatidwa pa pulasitiki ukhoza kukhala wopindika pang'ono kuchokera kufakitale, ndipo pa ntchito iyi kupindika pang'onoko ndi kumene kumawononga zonse.

Kunola kuli ndi malire ake amene mwala wofulumira chotere umatha kukuiwalitsani. Mitu yambiri imalemera ma grain 100 kapena 125, kutanthauza magalamu pafupifupi 6.5 ndi 8.1, ndipo kunola kwa nthawi ndi nthawi kumachotsa zochepa kwambiri moti sikusintha kaulukidwe ka muvi. Koma mutu umene wakonzedwa pobenthuka pakulu umatha kupepuka kuposa inzake ndiponso kuchepa m'lifupi, ndipo m'zigawo zambiri za ku America lamulo limafuna kuti mutu wosakira nyama zikuluzikulu usachepere magawo 7 mwa 8 a inchi. Sikelo yaing'ono ya ma grain ndi rula ndi zokwanira kuonera zimenezi. Mutu ukabwezeredwa pa muvi uzunguzidwe kuti muone ngati nsonga ikuvina, chifukwa mutu wopindika thunthu suuluka mowongoka ngakhale utathwa chotani. Pomaliza, kukamwa kwa chitsulo chogwira dzimbiri kupakidwe mafuta okhuthala pang'ono, pakuti chinyezi cha m'phodo chimadya kukamwa kopyapyala m'masiku ochepa, ndipo kulowetsa ndi kutulutsa mivi m'siponji ya phodo nako kumabunthitsa pang'onopang'ono.

Mwala wa mainchesi 8 umalemera kupitirira kilogalamu imodzi, ndipo kulemerako ndi kwabwino pa tebulo chifukwa, pamodzi ndi timiyendo ta labala tomata pansi pake, kumauletsa kusuntha pamene mukunola. M'chikwama cha ulendo wapansi ndi katundu wosafunika, ndipo kumeneko kachidutswa ka chikopa ndi kamwala kakang'ono ka m'thumba n'zokwanira kudzutsa kukamwa kumene kunakonzedwa kale kunyumba. Amene akufuna kugula ayambe ndi D8C ndi D8E, chifukwa wa 325 umakonza mawonekedwe a kukamwa ndipo wa 1200 umasalaza, ndipo pa mpeni waufupi ngati wa muvi kudumpha kuchokera pa woyamba kufika pa wachiwiri n'kotheka, kungoti mumakhalitsa pang'ono pa wachiwiriyo kuti mikwingwirima ithe. Ngati ndalama zikulola mwala umodzi wokha, D8F wa 600 ndi umene ungagwire ntchito zonse ziwiri, mochedwerapo pa mutu watsopano, ndipo chikopa chopakidwa phala lija chidzamaliza zotsalazo.